Dziwe la abwana talikwirira

Mukayenda ku Parklands, Riverside ndi Nkana East mu Kitwe, kapena ku Kansenshi ndi Northrise mu Ndola, kuseri kwa mipanda ina kuli swimming pool yomwe munthu sanasambemo kwa zaka. Madzi ake ndi obiriwira, eni ake manje ndi achule.

Nyumba zambiri za kumayadi kuno ku Kopala anamangira azungu ndi mabwana a ku migodi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mu ulamuliro wa a Chiluba, nyumba za ZCCM zinagulitsidwa kwa okhalamo, ndipo pofika 2000 migodi nayo inali itapita m'manja mwa ena. Makolo athu anatsala ndi nyumba ndi dziwe lake, koma malipiro olisamalira anapita.

Dziwe limadya ngati munthu. Lifuna klorini, lifuna madzi a pa mita, lifuna pampu yozungulira tsiku lililonse. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, malaiti ankazima pafupifupi tsiku lonse. Pampu ikaima madzi amawola, udzudzu umaswana, malungo amalowa m'nyumba. Choopsa kwambiri ndi mwana wokwawa: amamira mwakachetechete, ngakhale m'madzi ofika m'mawondo chabe.

Kwathu tinakhala pansi monga banja. Amalume anati tiwetemo nsomba. Achimwene anati timangepo zipinda, ana a sukulu a pa CBU azichita lendi. Amayi anangoloza adzukulu awo awiri omwe ankasewera pakhonde, nkhani inathera pomwepo.

Tinaitana makontrakita atatu. Wotchipa kwambiri anati adzathiramo zigumuka ndi zinyalala, pamwamba dothi, masiku awiri ntchito yatha. Tinamuthokoza, anapita. Amene tinasankha anayamba walowa m'dziwemo ndi kugogoda pansi, mtengo anatchula pambuyo. Anatifotokozera kuti dziwe lili ngati beseni: ukalikwirira osaboola pansi pake, mvula ya mu January imadzaza mkati ndipo yadi imasanduka dambo. Choncho amayamba kupopa madzi, kudula mawaya ndi mapaipi a pampu, kuboola pansi, ndi kugumula makoma cha kumtunda. Kenako amathira dothi pang'onopang'ono, akulitsendera ndi makina asanathire lina.

Anzathu amene muli ndi dziwe lotere, lembani pangano papepala, ndipo mulembemo amene adzachotse zigumuka zotsala. Musapereke ndalama zonse poyamba. Ife tinalipira katatu: poyamba, ataboola ndi kugumula, ndi atamaliza kutsendera. Gwirani ntchitoyi m'chilimwe, mvula ya mu November isanayambe. Ngati mukufuna kumangapo zipinda, itanani injiniya ndipo pulani ipite kukhonsolo, chifukwa dothi lokwirira limatitimira ndipo khoma limang'ambika alendi ali kale mkati.

Tsiku logumula atate sanatuluke m'nyumba. Ali mnyamata, munthu wakuda ankafika pa dziwe lotere kudzasesa masamba chabe. Kukhala nalo lawolawo kunali umboni wakuti zaka zawo za pansi pa mgodi sizinapite pachabe. Sitinawanyengerere, tinangowasiya.

Patapita sabata anatuluka ndi chingwe ndi zikhomo, nayamba kuyeza mabedi. Lero pamalopo pali repu, chibwabwa ndi matimati, ndipo adzukulu amathamanga yadi yonse popanda wowakuwira.