Buku la Ngongole la M'sitolo ya Pafamu

Msewu wochoka ku Harare kulowera kumpoto umayenda makilomita pafupifupi 40 usanakhotere m'mbali mwa damu la Mazowe, limene linamangidwa kuti lizithirira minda ya malalanje. Kuyambira pamenepo dothi ndi lofiira ngati katondo wa ku Thyolo, ndipo msewu umapitirira kudzera ku Concession mpaka ku Mvurwi, kumene nthaka yamchenga imakonda fodya. Uku ndi uku kuli mabani a njerwa oumitsiramo fodya, ena akufuka utsi, ena madenga anasasuka kalekale. Kuseri kwa mitengo ya bulugamu kuli makomboni. Mlendo wochokera ku Dedza kapena ku Chipata akaima pa kasitolo ka m'mbali mwa msewu, asadabwe kumva agogo akulonjerana m'Chinyanja chakale, chothira mawu a Chishona apa ndi apo, chimene kwawo anasiya kuchiyankhula.

Makolo a anthu amenewa anabwera pa nthawi ya atsamunda. Ena anayenda pansi kudutsa ku Tete, ena anakwera malole a boma la Southern Rhodesia amene ankatchedwa Ulere chifukwa sankalipiritsa, ndipo ena analembedwa ntchito ndi bungwe limene ku Nyasaland linkadziwika kuti Mthandizi. Ambiri anapita ndi maganizo okagula njinga, bulangete ndi suti n'kubwerera. Anakwatira konko, anabereka, nasanduka matchona. Pofika m'chaka cha 2000, m'mafamu akuluakulu a dziko la Zimbabwe munali antchito oposa 300,000, ndipo akatswiri ankayerekeza kuti pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali wa mtundu wochokera ku Malawi, Mozambique kapena Zambia.

Moyo wa pakomboni unkazungulira pa sitolo ya pafamu. Mmenemo munali mchere, shuga, sopo wa mtanda, palafini, machesi, tiyi wa Tanganda, nsapato za Bata ndi matemba a ku Kariba. Koma katundu wofunika kuposa onse anali buku limene linkakhala pansi pa kauntala. Wantchito ankatenga zinthu pangongole, dzina lake n'kulembedwa, ndipo pakutha pa mwezi ndalamazo zinkadulidwa ku malipiro ake asanazigwire m'manja. Kawirikawiri mwini sitolo anali mwini famu yemweyo kapena mkazi wake, kotero ndalama inkatuluka pa khomo la ofesi n'kulowanso pa khomo la sitolo tsiku lomwelo. Munthu wa ngongole sachoka pa ntchito. Komabe, kwa ana ambiri obadwira pafamu, amene analibe ngakhale kalata ya kubadwa, buku limenelo ndi kaundula wa malipiro ndiwo anali malo okhawo pamene dzina la banja lawo linalembedwa.

Pa shelefu yapamwamba pankakhala botolo la Mazoe, chakumwa cha malalanje chosungunula ndi madzi, chimene chinayamba kupangidwa ku Bulawayo m'zaka za m'ma 1930 koma chinatenga dzina la chigwa chino. Kwa mabanja ambiri a pakomboni, ngakhale amene ankathyola malalanjewo, chinali chakumwa cha pa Khirisimasi, chomwera buledi ndi mpunga wa nkhuku. A ku Zimbabwe amachikonda kwambiri moti amene ali ku London kapena ku Johannesburg amaitanitsa kwa abale. M'chaka cha 2018 kampani ya Schweppes Zimbabwe inasintha kapangidwe kake, n'kuchepetsa shuga ndi kuthiramo zotsekemera zina. Ogula anakwiya, anadandaula pa intaneti, ndipo pasanathe nthawi yaitali kampaniyo inalengeza kuti ibwezeretsa kakomedwe kakale.

Madandaulo a anthu a m'makomboni sanamveke msanga chotero. M'chaka cha 2001 boma linasintha lamulo la unzika, n'kulamula kuti aliyense amene angathe kukhala nzika ya dziko lina akane unzikawo polemba. Anthu obadwira ku Mazowe, amene sanaonepo nyanja ya Malawi, anauzidwa kuti akakane dziko limene sanakhalepo nzika zake. Ambiri sanathe, zitupa zawo zinawaonetsa kuti ndi alendo, ndipo anataya mwayi woponya voti. Panapita zaka 12 kuti malamulo aakulu a dziko a 2013 anene momveka kuti wobadwira m'Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC, ndipo akukhala m'dzikomo, ndi nzika.

Amalonda okha sanafunse chitupa. Kampani ya Delta inafikitsa Chibuku pa bala iliyonse ya pafamu, m'chigubu chabulauni chimene anthu anachitcha "scud", potengera mizinga imene inatchuka pa nkhondo ya ku Gulf mu 1991. Mpikisano wa magule a makolo wa Chibuku Neshamwari wakhala ukulandira magulu a gule wamkulu ochokera m'mafamu ndi m'migodi. Akuluakulu a dambwe a ku Mchinji mwina angachite tsinya poona gule akupikisana pansi pa chinsalu chotsatsa mowa. Koma kuno gule anasunga maliro, chiyankhulo ndi ulemu wa anthu amene anzawo ankawanyoza kuti "mabwidi" kapena "mabhurandaya", kutanthauza a ku Blantyre, ndipo bwalo la kampani ya mowa linali limodzi mwa mabwalo ochepa pamene ankaomberedwa m'manja ndi anthu a m'tauni.

Nyimbo ndiye zinapitirira apo. Sungura, chamba cha magitala othamanga chimene chimalira m'minibasi ndi m'mabala a dziko lonse, chinakulira kwambiri m'makomboni. Nicholas Zakaria, amene anatsogolera gulu la Khiama Boys, anabadwira pafamu ku Mazowe mu 1956 m'banja lochokera ku Malawi. Alick Macheso, wobadwira ku Shamva mu 1968, anaimba m'gulu lomwelo asanayambitse Orchestra Mberikwazvo. Daiton ndi Josphat Somanje a gulu la Pengaudzoke nawonso anali ana a pafamu. Chimbale cha Macheso chotchedwa Simbaradzo, chokhala ndi nyimbo ya Chichewa ya "Mundikumbuke", chinatuluka mu 2000, chaka chomwecho chimene kulanda mafamu a azungu kunayamba. Dziko lonse linkavina Chichewa pamene eni chiyankhulocho ankanyamula mitolo yawo kuima m'mbali mwa msewu. Kafukufuku wa Lloyd Sachikonye wa mu 2003 anapeza kuti antchito amene analandirako minda sanafike asanu pa 100 alionse.

Zaka zotsatira zinapha sitolo ya pafamu. Mu 2007 boma linalamula kuti mitengo itsitsidwe ndipo mashelefu anakhala mbee. Pofika Januwale 2009 kunali kutatuluka pepala la madola 100 thililiyoni. Dola ya America itayamba kugwira ntchito chaka chomwecho katundu anabwerera, koma makobidi kunalibe, choncho wogula ankapatsidwa masiwiti m'malo mwa chenji. Ufa, shuga ndi mafuta ophikira zinkagulitsidwa m'timapepala tating'ono totchedwa "tsaona", mawu a Chishona otanthauza ngozi, monga mmene ku Ndirande amagulira ufa wa "walkman".

Lero ku Mvurwi kuli phokoso. Fodya, amene anatsika kufika pa makilogalamu ochepera 50 miliyoni mu 2008, anakwera mpaka 296 miliyoni mu 2023, ndipo wambiri amalimidwa ndi alimi ang'onoang'ono, kuphatikizapo amene analandira minda. Kuyambira mu 2020 makampani ena amagulira fodya m'matauni ngati Mvurwi ndi Karoi, osati ku Harare kokha. Msika ukatsegulidwa cha m'Malichi, m'misewu mumadzaza ogulitsa malata, mapanelo a sola, mawailesi, mafoni, njinga zamoto, miphika ndi kaunjika, amene kuno amati "mabhero". Mitengo imatchulidwa m'madola a America, ngakhale kuti kuyambira Epulo 2024 dzikoli lili ndi ndalama yake yotchedwa ZiG. Mapiri a misasa akumetedwa chifukwa mabani amadya nkhuni usana ndi usiku.

Luso lobzala nazale, kuumitsa fodya ndi kusankha masamba lili m'manja mwa anthu a pakomboni, ndipo alimi atsopano amadziwa zimenezi. Amawafuna pa ganyu, kulipira pa tsiku kapena pa ndime, ndipo m'mafamu ena nyumba ya pakomboni imakhala ya amene akuvomera kugwira ntchito kwa mwini munda. Buku la ngongole nalo silinafe, langosamuka. Makampani a kontirakiti amapereka feteleza, mbewu ndi mankhwala, n'kudula ndalama zawo pa tsiku logulitsa. Kusiyana kwake n'kwakuti buku latsopanoli limafuna nambala ya mlimi yochokera ku bungwe loyang'anira fodya la TIMB, ndipo nambalayo imafuna chitupa. Amene walima kadimba ka fodya kuseri kwa komboni popanda mapepala amagulitsa kudzera pa nambala ya mnzake, amene amatengapo yake.

Mu 2021 bungwe la Amnesty International linachenjeza kuti anthu pafupifupi 300,000 m'Zimbabwe anali pa chiopsezo chokhala opanda dziko, ndipo ambiri mwa iwo anali zidzukulu za matchona. Lamulo likuwavomereza, koma ku ofesi ya kaundula amafuna kalata ya kubadwa ya kholo limene linaikidwa m'manda a pafamu lopanda pepala lililonse. Ngakhale kulembetsa nambala ya foni kapena akaunti ya EcoCash, njira yotumizira ndalama imene inayamba mu 2011, kumafuna chitupa. N'chifukwa chake pakomboni foni imodzi imalandira ndalama za mabanja angapo. Mwana amene ali ku Cape Town akatumiza ya sopo, uthenga umafikira kwa mnansi wa mapepala, ndipo agogo amayenda ndi ndodo yawo kukafunsa ngati kwalowa kanthu.