Cakudya ca Kapenta

Mai wina pa msika wa Maramba ku Livingstone amalipirira ana ake sukulu pogulitsa kapenta. Akatswiri a zam'nyanja amaicha nsomba yotere planktivore, kutanthauza colengedwa codya plankton, ndito tizilombo ting'onoting'ono toyandama m'madzi, tobvuta kuona ndi maso.

Nyanja ya Kariba itadzala, pakati pake tizilomboti tinalipo, koma nsomba yotidya panalibe. Motero m'zaka za 1967 ndi 1968 kapenta anatengedwa ku nyanja ya Tanganyika nathiridwa m'Kariba pafupi ndi Sinazongwe, ndipo anaswana kwambiri.

Maiyo sanationepo tizilomboti. Komabe tikacepa, kapenta nayenso amacepa, mtengo wogulira kwa asodzi umakwera, ndipo ndalama za sukulu zimabvuta kupeza.