Ulendo wa ku Nkhalango ya Mvai

Ambiri a inu mutunga madzi pa mpopi tsiku ndi tsiku, koma ndi owerengeka amene anapita kukaona kumene madziwo achokera. Inenso ndinali wotero kufikira mwezi wa December, pamene malume anga, munthu wa imvi, anati kwa ine, "Mphwanga, tiye tikaone Mvai miyendo yanga isanandikane." Tinatenga ndodo, chimanga chokazinga ndi mwana wanga wamwamuna, ndipo tinalawira tambala atangolira kachiwiri.

Mvai ndi nkhalango ya Boma, yopatulidwa kale m'masiku a Atsamunda, ndipo iri m'mapiri si patali ndi boma la Ntcheu, kufupi ndi malire a Mozambique. Musaope kumva dzina la phiri. Ziripo njira za m'munsi zosakwera kwambiri, zimene nkhalamba ndi mwana angathe kuyenda bwino lomwe, akapempha chilolezo kwa alonda a nkhalango monga tinachitira ife.

Titalowa pansi pa mitengo, thukuta linauma. Mitengo yambiri ya kumeneko ndiyo mombo, tsamba ndi mchenga. Siitalika koposa, ndipo masamba ache ang'onoang'ono alola dzuwa kugwa pansi mawangamawanga ngati nthenga za nkhanga. Malume anatisonyeza mlombwa, umene ukatemedwa ukha madzi ofiira ngati mwazi, ndiponso mombo umene amuna asenda luzi lomangira nyumba. Mwanayo sanasamale zimenezi, pakuti anali atapeza msuku, ndipo masuku otsiriza a chaka anali mbwee pansi pache. Anyani anatiyang'ana ali pa thanthwe, ndipo ndikhulupira kuti anatiyesa mbala.

Mvula yoyamba inali itagwa, tsono bowa anali atayamba kutuluka. Tinaona ndelema woyera ndi manyame ofiira pakati pa masamba ovunda. Pano pali chinthu chimene amai onse ayenera kudziwa. Bowa wa mitundu iwiriyi samera yekha ai. Mizu yache yosaoneka ilukana ndi mizu ya mitengo ya mombo, ndipo zidyetsana. Nchifukwa chache simudzampeza m'munda wa chimanga, ngakhale mumfune chotani. Utale ndi wina, pakuti iye amera pa chulu, kumene chiswe chimlera. Malume anaseka pomva ine ndirikufotokoza izi, nati amai ao anadziwa zomwezo osalowa m'sukulu.

Dzuwa liri pamutu tinatsikira ku Dambo la madzi la Mpira, limene anthu alitcha damu. Anatseka mtsinje pakati pa zitunda, ndipo kuchokera pamenepo madzi ayenda okha m'mipope, opanda makina owakankha, kutsetsereka kunka ku midzi ya Ntcheu kufikira ku Balaka. Tinakhala pansi pa katope, mtengo wokonda madzi, ndi kudya chimanga chathu.

Koma ndikadanama ndikadati zonse zinali zokondweretsa. Tisanafike pa damu tinapyola malo atatu pamene nthaka inali yakuda bii, ndipo zitsa zinali zitaima mozungulira: ng'anjo za makala. Kuonongeka kumeneku sikunayambe dzulo. M'zaka za nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, abale athu othawa anadzaza midzi ya m'malire muno, ndipo iwo pamodzi ndi ife tinafuna nkhuni ndi milimo. Iwo anabwerera kwao, koma nkhwangwa siinapume. Phiri likakhala dazi, mvula siilowa pansi. Ithamanga pamwamba, nikokolola dothi ndi kulitaya m'damu. M'chaka cha 2018 damu la Mpira linaphwa, mipopi inauma, ndipo akazi anabwerera ku zitsime zosatetezedwa. Amene munasenza ndowa chaka chimenecho mukumbuka bwino kuposa ine.

Sindifuna kuweruza msanga munthu wootcha makala, pakuti ndidziwa kuti njala ilibe manyazi, ndipo thumba limene iye akankha pa njinga lithera pa mbaula ya wina wa m'tauni amene adziyesa wosalakwa. Komabe zitsa zija zinandiwawa mtima. Malume anagwada pa chitsa china cha mombo, natiitana. Chinali chitaphuka mphukira zisanu. Anati mombo sufa msanga. Ukapulumuka moto wa m'chilimwe ndi mbuzi, udzakhalanso mtengo, ngakhale iwo sadzakhala pa mthunzi wache.

Tinabwerera ndi njira ya m'mbali mwa mtsinje, pang'onopang'ono chifukwa cha bondo la malume. Mwanayo ananyamula masuku m'chipewa changa, ndipo tinafika kumudzi ng'ombe zirikulowa m'khola.