"Ndi" ndi "Ali": Phunziro Locokera ku Cisipanishi

Inu aphunzitsi a mawa, mukadzatumidwa ku boma la Rufunsa, kaya kwa Mpanshya kapena kwa Shikabeta, mudzapeza ana ambiri olankhula Cisoli kunyumba kwao. M'kalasi adzakumana ndi Cinyanja, cinenero ca m'masukulu a m'cigawo ca Lusaka, ndiponso Cingerezi. Ndondomeko ya maphunziro ya mu 1996, yochedwa Educating Our Future, inalimbikitsa kuti mwana ayambe kuwerenga m'cinenero ca m'dera lake. Koma kwa ana amenewa ngakhale Cinyanjaco ndi cinenero caciwiri. Nanga aneni mudzawaphunzitsa motani?

Ine yankho ndinalipeza pophunzira Cisipanishi nditakula kale. Buku langa linamasulira mau awiri, "es" ndi "está", ndi liu limodzi la Cingerezi lakuti "is". Tanthauzo lace silinamveke kufikira pamene ndinayerekeza mauwo ndi Cinyanja. "Es maestro" ndiko kunena kuti "ndi mphunzitsi", koma "está en la escuela" ndiko kuti "ali kusukulu". Pofunsa kuti "Ndinu yani?" eni cineneroco amati "¿Quién es usted?", koma pofunsa kuti "Muli bwanji?" amati "¿Cómo está usted?" Liu loyamba limachula cimene munthu ali, pamene laciwiri limaonetsa kumene ali kapena m'mene alili pa nthawiyo. Kufananaku kuli ndi malire, pakuti ife ponena zakale timati "anali mphunzitsi" ndiponso "anali kusukulu". Komabe cinandithandiza ndi ici: ndinamva tanthauzo poona mneni akugwira nchito m'ziganizo zoyang'anizana.

Mwana wa ku Rufunsa nayenso afunika thandizo lotere. Mukangomuuza kuti "ndi" ndi "ali" onse atanthauza "is", adzalemba kuti "Amai ndi kumunda", ndipo inki yofiira siidzamuuza cifukwa cimene walakwira. Akalakwa kawirikawiri osadziwa cifukwa, amaleka kukweza dzanja.

Cotero bwerani ndi dengu m'kalasi. Funsani kuti, "Ici n'ciani?" Ana ayankhe kuti, "Ndi dengu." Liikeni pansi pa tebulo ndi kufunsa kuti, "Lili kuti?" Kenaka liikeni pakhomo, pampando, ngakhale pamutu pa mwana mmodzi. Ana adzaona okha kuti yankho loyamba silisintha, koma laciwiri lisintha nthawi zonse. Aloleni anene ziganizo zomwezo m'Cisoli, akuphunzitseni inunso, pakuti cinenero ca kwao ndico maziko a zinenero zonse zimene adzaphunzira. Lamulo mulilembe pabolodi pothera pa phunziro, ana atalipeza kale ndi pakamwa pao.