Waya wanga ndi mchenga wa ku Kasiya

Ndili mwana ndinkapanga galimoto za mawaya. Ndinkaona kuti waya ukaupinda kangapo pamalo amodzi umayamba walimba, kenako n'kuthyoka. Chifukwa chake ndachimvetsa chaka chino m'kalasi.

Mkati mwa chitsulo muli timibulu tosaoneka ndi maso, ndipo timibuluto tikakhala tating'ono kwambiri chitsulocho chimalimba. Chovuta n'kuchikanya mpaka kufika pamenepo osachithyola. M'ma 1930, Percy Bridgman wa ku Harvard ankachipotokola atachipanikiza mwamphamvu kuti chisang'aluke. M'ma 1970, Vladimir Segal ku Minsk anapeza njira yochikankhira m'ngalande yokhota. Chimatuluka ndi kunenepa komwe chinalowa nako, choncho umachibwezamo kangapo mpaka timibulu tija titachepera micrometre imodzi. Titanium yokanyidwa chonchi imalimba moti amapangira tizitsulo togwira mano oikirira popanda kuisakaniza ndi vanadium.

Apa m'pamene pamandiwawa. Ku Kasiya kuli rutile, mchere wa m'nthaka umene titanium imachokera. Tikamangotumiza kunja mchengawo, tizitsulo timeneti tidzatigula ndi madola omwe tilibe. Mgodi sungatipatse luso. N'chifukwa chake pulojekiti yanga ya chaka chomaliza ndayisankha pa zimenezi, ngakhale anzanga akuti ilibe ntchito kuno. Manja awa anayamba kale kupinda waya.