Kulipatsa Bwato Dzina

Papita zaka zambiri chiyambire ine ntchito yoika mawailesi m'mabwato a asodzi pa doko la Hout Bay, kufupi ndi Cape Town, ndipo ngakhale manja angawa azolowera kulumikiza nthambo ndi kumanga mlongoti pamene mphepo ikuwomba mwaukali, chimene ndachiona kukhala cholemera koposa zonse ndicho kulipatsa bwato dzina limene makina angathe kulimva.

Dzinalo limatchedwa MMSI, ndipo lili ndi manambala 9, amene atatu oyambawo amatchula dziko: 601 ndi South Africa, monga 655 ali kwathu ku Malawi. Polilowetsa mu wailesi ndimadekha ngati mkulu wotcha mwana dzina, ndi kuliwerenga kawiri ndisanatsimikize, pakuti mawailesi ambiri salola kulisintha likangolowa.

Kale munthu wogwidwa ndi namondwe ankafuula Mayday pa tchanelo 16, natchula malo ake ndi pakamwa, mawu ake akumezedwa ndi mafunde ndi mantha. Koma dongosolo la GMDSS litakhazikika pa zombo zazikulu mu 1999, ngakhale timabwato tating'ono tinapeza chipulumutso chake: batani lofiira lobisika pansi pa kachivundikiro, limene ukalidina osalisiya kwa masekondi ochepa, uthenga wopempha thandizo wotchedwa DSC umatuluka pa tchanelo 70 utasenza dzina la bwato, malo ake ndi nthawi, nubwereza wokha pafupifupi mphindi zinayi zilizonse kufikira wina atauyankha.

Tsiku lina msodzi wina wachikulire anandionetsa wailesi yake yonyezimira, nainyadira kwambiri; koma nditayang'ana pagalasi pake, pamene payenera kuoneka manambala a malo panali pachabe. Ndinatsata nthambo ya GPS, imene imauza wailesi malo a bwato, pansi pa bolodi, ndipo ndinaipeza itadyedwa ndi mchere, yobiriwira, ikufumbutuka m'zala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Akadadina batanilo pakati pa nyanja, opulumutsa akadamva kulira kwake, koma osadziwa kolowera. Ndinadula chowolacho, ndi kulumikiza nthambo yatsopano, ndipo manambala ataonekera mkuluyo anakhala chete nthawi yaitali, nandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri.

Chifukwa chake, inu eni mabwato, wakutsina khutu ndi mnansi. Musanamasule chingwe padoko, onani kuti wailesi yanu ikudziwa dzina lanu ndi malo anu, ndipo phunzitsani aliyense wokwera nanu pamene pali batanilo, popeza tsoka likhoza kuyamba kugwera mwini chiwongolero. Mukalidina pangozi, pitani pa tchanelo 16 mukanene vuto lanu ndi pakamwa. Mukalidina mwangozi, musazimitse wailesi mwamanyazi, koma lengezani pomwepo kuti muli bwino, kuti anzanu asaike moyo wawo pachiswe kufunafuna munthu amene sanatayike.