SSD ndi yoyenera kugula, koma mudziwe malire ake

Ntchito yanga ndi yokonza zithunzi ndi zolemba pa kompyuta. Pano pa boma la Karonga anthu amangoti "a graphics". Chakudya ndimachipeza pokonza makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, zikwangwani za masitolo, malebulo a matumba a mpunga wa Kilombero, komanso zinsalu zikuluzikulu zolembapo uthenga wa misonkhano ya mpingo ndi ya mabungwe. Anyamata amene angoyamba kumene ntchitoyi akapezako kandalama amakonda kundifunsa ngati nkoyenera kugula SSD. Ndimawauza kuti agule, koma ndimawakhazika kaye pansi, chifukwa pali zina zimene ogulitsa satchula.

Hard disk imene imabwera m'malaputopu akaunjika amene ambirife timagwiritsa ntchito ili ndi mbale yozungulira m'kati, nthawi zambiri maulendo 5,400 pa mphindi, ndi kamkono koyendayenda pamwamba pake kufunafuna pamene fayilo inalembedwa. Ikayesetsa imawerenga ma MB pafupifupi 100 pa sekondi. SSD ilibe chozungulira chilichonse. Ya mtundu wa SATA imapitirira ma MB 500 pa sekondi, ndipo ya NVMe, kakang'ono kaja kolowa pa M.2, imatha kupyola 3,000. Koma phindu lenileni silili pa manambala aakuluwa. Lili pa timafayilo ting'onoting'ono tambirimbiri. CorelDRAW kapena Photoshop ikamatseguka imatolera mafonti, maburashi ndi zina zotero kuchokera m'malo osiyanasiyana, ndiye pa hard disk kamkono kaja kamalumpha uku ndi uku inu mukungoyang'ana chizindikiro chikuzungulira. Pa SSD kudikira kumeneko kumatsala pang'ono kutheratu.

Pamene ine ndimaionera kwambiri mphamvu yake ndi pa zinsalu zikuluzikulu. Tengani chinsalu cha mamita 3 m'litali ndi mamita 2 m'lifupi. Mukachikonza pa madontho 150 pa inchi, mu mitundu ya CMYK imene makina osindikizira amafuna, fayiloyo imapitirira ma MB 800 musanaikepo ndi layer imodzi yomwe. Mukayamba kusanjikiza nkhope ya abusa, chizindikiro cha mpingo, mawu a mutu wa msonkhano ndi mithunzi yake, imafufuma mpaka mtundu wa PSD umakana kusunga, poti malire ake ndi ma GB 2, ndiye mumasamukira ku PSB. Laputopu ya RAM ya ma GB 8 singanyamule zonsezi m'mutu. Photoshop imayamba kubwereka malo pa disiki, amene imawatcha scratch disk, n'kumalembapo ndi kuwerengapo nthawi iliyonse mukasuntha chinthu kapena mukabwerera m'mbuyo. Malo obwerekawo akakhala pa hard disk, mumasuntha liwu limodzi n'kuyamba kudikira. Akakhala pa SSD, dzanja ndi chithunzi zimayendera limodzi, ndipo maganizo amene munali nawo pa kamangidwe ka chikwangwanicho sathawa.

Kudikiraku kumapweteka kwambiri pa ntchito ya maliro. Munthu amachokera ku Kaporo kapena ku Lupaso m'mawa, chithunzi cha malemu chili m'foni, mbiri yawo yalembedwa pa pepala long'ambidwa m'kope, ndipo mwambo ukuyamba masana. Amakhala pa benchi, maso ali ofiira, n'kumangofunsa motsitsa mawu kuti, "Achimwene, kwatsala pang'ono?" Pa nthawi ngati imeneyo magetsi akathima n'kubweranso, kompyuta ya hard disk imadya mphindi zingapo kuti idzuke ndi kutsegula pulogalamu. Ya SSD imadzuka musanamalize kupukuta thukuta. Munthu wolira sayenera kusungidwa pa benchi chifukwa cha disiki.

Tsopano malire ake. SSD siwonjezera mphamvu ya purosesa kapena ya khadi la graphics. Ngati mukukonza chithunzi cha nyumba cha 3D mu Blender, kapena mukutulutsa vidiyo ya ukwati mu Premiere, ntchito yolemetsayo imagwiridwa ndi zida ziwirizi, ndipo nthawi yake isintha pang'ono chabe ngakhale mutagula SSD yodula bwanji. Siikonzanso mitundu ya sikirini yanu. Ngati RAM yanu ndi ya ma GB 4, SSD ikupepuzani, koma ndalama yotsatira ipite ku RAM kuti ifike pa 8, makamaka 16. Ndipo pa ntchito ya makadi ndi zikwangwani, kusiyana kwa SATA ndi NVMe simukumva m'manja ngati mmene mumamvera kusiyana kwa hard disk ndi SATA. Musadzipanikize ndi ngongole chifukwa cha nambala yolembedwa pa katoni.

Zida zambiri za makompyuta kuno zimalowera pa chipata cha Songwe, kuchokera ku Mbeya kapena ku Kariakoo ku Dar es Salaam, zina timaitanitsa ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera, choncho munthu umafunika kugula kamodzi n'kugula chenicheni. Tsegulani kaye laputopu muone ngati ili ndi malo a M.2 komanso ngati malowo amalandira NVMe kapena SATA, poti zimafanana maonekedwe koma sizilowerana nthawi zonse. SSD ya ma GB 256 imadzadza msanga. Ine ndimalangiza ya 500, ndipo muzisiya malo ena opanda kanthu chifukwa ikadzadza thothotho imayamba kuchedwa. Zachinyengo ziliponso, zolembedwa kuti 1 TB pamene m'kati muli kochepa. Pulogalamu yaulere ya H2testw imadzadza disiki yonse n'kuiwerenganso, ndipo bodza limaonekera pomwepo. CrystalDiskInfo imakuuzani maola amene disikiyo yagwira kale ntchito, kotero wina sangakugulitseni yakale ponena kuti ndi yatsopano.

Ena amaopa kuti SSD imatha msanga chifukwa cholembedwapo kawirikawiri. Ndi zoona kuti ili ndi malire a kulembedwa, koma ndi akutali. Samsung 870 EVO ya ma GB 500 imalonjezedwa ma TB 300 a kulemba. Ngakhale mutamalemba ma GB 50 tsiku lililonse, zingakutengereni zaka zoposa 16. Chimene ndimaopa ine ndi kutentha kwa kuno kunyanja. Mu Okutobala ndi Novembala, m'shopu ya malata masana mumakhala ngati mu uvuni, ndipo NVMe ikatentha kwambiri imadzichepetsa yokha liwiro pofuna kudziteteza. Muzichotsa fumbi pa fani ya laputopu ndi kuikweza pang'ono kuti mphepo izidutsa pansi.

Chomaliza ndi kafedwe ka SSD. Hard disk nthawi zambiri imayamba yadwala, imalira tiki tiki, imachedwa, n'kukupatsani mpata wopulumutsa mafayilo. SSD imatha kungozima tsiku limodzi popanda chizindikiro, ndipo kubweza zimene zinali m'menemo ndi kovuta kwambiri. Siyeneranso kusiyidwa mu dirowa zaka zambiri osayatsidwa, makamaka kumalo kotentha. Ntchito yathuyi ndi yosunga nkhope za anthu. Banja limene munalikonzera pulogalamu ya maliro limabweranso pakatha chaka kudzafuna chithunzi chomwecho cha pa chiliza, foni imene munali chithunzicho inatayika kalekale. Choncho hard disk yakale ija musaitaye ndipo musaigulitse. Igulireni kabokosi ka USB, Loweruka lililonse muzikoperamo ntchito za sabata imeneyo, ndipo izigona kunyumba osati m'shopu. Ife amene tinaona zivomerezi za mu Disembala 2009 ndi madzi a North Rukuru akasefukira tikudziwa kuti nyumba imodzi itha kuwonongeka ndi zonse zili m'katimo.

Kwa inu amene mukugwirabe ntchito ya graphics pa hard disk, ndalama yoyamba imene mupeze mwezi uno gulani SSD ya ma GB 500, muikemo Windows, mapulogalamu ndi ntchito zimene zili m'manja. Za makasitomala zimene mwamaliza zisungeni kawiri.